"Ndagona, ndasamba, ndili bwinobwino": mowa, chiwongolero ndi Gawo 128

(Awa ndi mawu amene mkulu wathu wina, dalaivala, analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba pafupifupi monga anawalankhulira kuti amene munajomba muwerenge.)

 Ndaona ena mwathawira kumbuyo ngati kutchalitchi. Palibe kanthu, ine ndinazolowera kukuwa pa siteji, mundimva.

Atandipempha kuti ndidzalankhule za malamulo oletsa kuyendetsa galimoto utamwa mowa, mmodzi wa inu, sindimutchula, anandiseka. Akuti, "Achimwene, mukauza ndani zimenezo? Mu kalabu muno alipo ali ndi galimoto?" Funso labwino. Tiyeni tiwerengane. Amene muli ndi galimoto yanuyanu ndinu angati? Palibe. Nanga amene munayendetsapo njinga yamoto, kaya ya abwana, kaya yobwereka kwa mnzanu? Mwachuluka. Amene mwakwera kabaza kapena minibasi sabata ino? Tonse. Amene munawolokapo msewu pa Chemusa usiku, magetsi atazima? Ndiye nkhaniyi ndi yathu, aphwanga. Bungwe la World Health Organization linanena mu lipoti lake la 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29 palibe chinthu china chimene chimapha ambiri kuposa msewu. Zaka zimenezo ndi za inu amene mwakhala panopa.

Ndiyambe ndi mlandu wanga, chifukwa ena a inu mumaudziwa theka, theka linalo munamva kwa anthu.

Zaka zingapo zapitazo ndinkayendetsa minibasi ya munthu, msewu wathu womwewu: pa Kandodo Corner Shop, Mbayani, Chemusa, Chirimba, nthawi zina mpaka pa Kameza. Loweruka lina kunali ukwati wa msuweni wanga. Galimoto ndinaiimika masana bwinobwino, makiyi ndinapereka. Mumve bwino pamenepa: usiku umenewo sindinayendetse ayi. Ndinkadziona ngati munthu wosamala kwambiri. Tinamwa. Tinayamba ndi mowa wa m'mabotolo, titaona kuti m'thumba mwayamba kupepuka tinatsikira ku timabotolo tija, mumatidziwa. Kunyumba ndinafika cha m'ma 2 koloko usiku, wapansi, ndikuimba ngati wa kwaya.

Faifi koloko foni inalira. Lamulungu m'mawa kumakhala ndalama, anthu akupita ku mapemphero, ena kukapikula kumsika, ndipo abwana safuna kumva za ukwati, amafuna tageti yawo. Ndinasamba madzi ozizira, ndinamwa tiyi wa masamba ambiri, ndinatafuna chingamu. Mutu unkalemera pang'ono, koma ndinati awa ndi matsire chabe. Ndagona, ndasamba, ndili bwinobwino.

Ulendo wachiwiri, cha m'ma hafu pasiti sikisi, mayi wina atasenza beseni la mandasi anapatukira mumsewu pang'ono kuzemba chithaphwi. Ndinawaona. Mpaka lero ndimanena kuti ndinawaona ndithu. Koma phazi langa linafika pa buleki mochedwa. Fupa la ntchafu linathyoka. Mandasi anali mbwee pa tala ponse, kondakitala wanga analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, anthu anayamba kutola miyala. Anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire amene anali pasenjala wanga, anaima pachitseko n'kunena kuti aliyense wofuna kugenda ayambe ndi iwo.

Kupolisi anandipatsa kachipangizo kaja kopumira, breathalyser. Ndinapumira mopanda mantha, chifukwa mumtima mwanga ndinali ndisanamwe tsiku limenelo. Nambala inatuluka pamwamba pa malire. Ndinati, "Bwana, ine ndinamwa dzulo." Wapolisiyo sanakalipe n'komwe. Anangoti, "Makinawa safunsa kuti munamwa liti."

Ndiye tiyeni tione chimene makinawo amafunsa.

Lamulo lake ndi Road Traffic Act, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 1997, ndipo m'mabuku a malamulo a dziko lino lili pa Chapter 69:01. Gawo limene likutikhudza ndi 128. M'gawo limeneli muli milandu iwiri, ndipo ambiri timangodziwa umodzi. Woyamba ndi kuyendetsa pamsewu mowa kapena mankhwala ozunguza bongo zikukugwira. Mwamva, si mowa wokha. Amene mumati "ine sindimwa, ndimangosuta," chamba chili momwemo. Mlandu wachiwiri ndi kuyendetsa muli ndi mowa wopitirira malire m'thupi, ndipo malire a kwathu kuno ndi magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 alionse a magazi. Pa mlandu wachiwiriwu boma silivutika n'kusonyeza kuti mumadzandira kapena mumalankhula zosamveka. Mutha kuima chilili ngati msilikali, kuyankha mafunso onse mwaulemu, kuimika galimoto mwaukadaulo. Nambala ikakwana, mlandu wakwana.

Palinso kena kamene ambiri sakadziwa. Gawo lomweli limaletsanso kukhala pampando wa dalaivala injini ikulira uli woledzera. Zija timachita pa bala, galimoto ili pamsewu, iwe wakhala kutsogolo waliza injini kuti nyimbo zimveke batire isathe, botolo lili pakati pa miyendo, ukuti "sindikuyenda, ndangokhala." Lamulo linakuganizira kale. Ndipo njinga yamoto, kaya Lifan kaya chiyani, pamaso pa lamuloli ndi galimoto. Anyamata a kabaza musamaganize kuti izi ndi za anthu a matayala anayi okha.

Kodi 0.08 ndi wochuluka bwanji? Tengani botolo la Fanta lagalasi, ligaweni patatu. Gawo limodzi ndiye mamililita 100. Mudonthezeremo madontho awiri kapena atatu a mowa weniweni wosasungunula. Basi, mwafika pa malire. Ndi kochepa choncho.

Ndikudziwa funso likubwera: "Ndiye mabotolo angati?" Nthawi zonse limabwera, ndipo wofunsayo amakhala akufuna chilolezo. Ndikuyankhani, koma mumvetsere mpaka kumapeto. Botolo limodzi la mowa wa 5 peresenti, la mamililita 330, lili ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. Mnyamata wolemera makilogalamu 60, ngati ambiri a inu, akamwa mabotolo atatu mu ola limodzi m'mimba muli gwa, ali kale pa malire kapena pafupi penipeni. Kwa mtsikana wa thupi laling'ono mabotolo awiri akhoza kukwana, chifukwa thupi la mkazi limakhala ndi madzi ocheperapo osungunulira mowawo. Tsono kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali wa 40 peresenti, kamene mumagawana awiri kuseri kwa okala kaja, kali ndi mowa wofanana ndi mabotolo pafupifupi asanu. Boma linaletsa masacheti mu 2015, koma tonse tikudziwa kuti mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo. Nanga kachasu? Kachasu alibe chizindikiro. Ngakhale mayi wotchezayo sangakuuzeni kuti wa lero ndi wa maperesenti angati. Ndiye amene akuwerenga mabotolo akuwerenga ndi sikelo yopanda singano.

Koma chimene chinandigwetsa ine si kuchuluka kwa mabotolo kokha. Ndi wotchi. Apa ndipomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Mowa ukalowa m'magazi, chimene chimauchotsa ndi chiwindi. Pang'ono pokha ndi pamene pamatuluka ndi mpweya, thukuta ndi mkodzo. Chiwindi chili ndi liwiro lake, ndipo sichilandira ya fanta kuti chifulumire. Kwa munthu wamba chimatsitsa nambala ija ndi pafupifupi 0.015 pa ola. Tiyeni tichite samu, a Fomu 2 mutithandize. Tinene kuti munthu wasiya kumwa 2 koloko usiku ali pa 0.15, zimene si zachilendo pa ukwati kapena Maule akawina derby. Pofika 6 koloko m'mawa papita maola anayi. Anayi kuchulukitsa ndi 0.015 ndi 0.06. Chotsani pa 0.15. Yatsala 0.09. Munthu uja wagona, wasamba, wavala malaya ochapa, wapemphera, koma akadali pamwamba pa malire a lamulo. Kuti mowa utheretu m'thupi mwake pafunika maola khumi, kutanthauza 12 koloko masana. Maola onse a m'mawa aja, pamene ana akupita kusukulu, amayi akupita kumsika, iye wanyamula anthu khumi ndi asanu ali ndi mowa m'magazi.

Madzi ozizira amatsuka khungu, safika ku chiwindi. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zimangotsegula maso, ukhala woledzera wopanda tulo, amene ndi woopsa kuposa woledzera wogona. Kanyenya wa tsabola, msuzi wa mang'ina, mandimu, kusanza, kuthamanga, zonsezo mowa umene walowa kale m'magazi siziukhudza. Chingamu chimanamiza mphuno ya akazi anu, koma breathalyser imayeza mpweya wochokera pansi pa mapapo. Chakudya chimathandiza ukadya usanamwe, chifukwa mowa umalowa pang'onopang'ono. Ukalowa walowa. Ndipo zija amati "kuchotsa matsire" ndi kabotolo kena m'mawa, kumeneko ndiye kuthira palafini pamoto.

Chimene mowa umachita ku bongo n'chachinyengo. Umayamba kugwira mbali imene imakuuza kuti "samala," mbali imene imadziyeza yokha. Ndiye chida chimene ukugwiritsa ntchito poyeza ngati uli bwino ndi chomwecho chimene chawonongeka. N'chifukwa chake mumamva munthu akuti "ine ndikamwa ndiye ndimayendetsa bwino." Sakunama dala, akumvadi choncho. Koma maso ake aleka kuona za m'mbali, nyali za galimoto yobwera kutsogolo zimamuthobwa nthawi yaitali, ndipo uthenga wochoka m'maso kupita ku phazi ukuyenda ngati minibasi yodikira kudzaza. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Amenewo ndi maminibasi atatu kuwandandalika. Ukachedwa ndi theka la sekondi lokha, wadutsa mamita 7 phazi lisanakhudze buleki. Inu mukudziwa mmene msewu wathu ulili madzulo: mabenchi a tomato m'mphepete, ana, njinga za makala, minibasi yaima pakati kutsitsa munthu. Mamita 7 muwapeza kuti? Mayi aja ine ndinawaphonya ndi malo osakwana pamenepo.

Nditembenukire kunja pang'ono, chifukwa nambala iyi sinagwe kumwamba. Dziko la Norway ndi limene linayamba kuika malire a mowa m'magazi m'malamulo ake, mu 1936. Breathalyser anaipanga mu 1954 ndi Robert Borkenstein, amene ankagwira ntchito kupolisi ya Indiana ku America, ndipo mu 1964 yemweyo anatsogolera kafukufuku mu mzinda wa Grand Rapids amene anaonetsa kuti mowa ukamakwera m'magazi, mpata wochita ngozi umakwera mofulumira kuposa mowawo. Britain inaika 0.08 mu 1967. Kuchokera nthawi imeneyo maiko ambiri atsika. World Health Organization imalangiza 0.05 kwa aliyense ndi 0.02 kwa achinyamata ndi ongoyamba kumene kuyendetsa. Amene mukulota za ku Joni, kukayendetsa njinga zoperekera zakudya kapena matakisi, dziwani kuti ku South Africa malire ndi 0.05, ndipo kwa dalaivala wa ntchito ndi 0.02, kutanthauza kuti botolo limodzi likhoza kukumangitsani. Maganizo anga, ndipo awa ndi anga osati a lamulo, 0.08 yathuyi ndi yolekerera kwambiri kwa munthu wonyamula anthu. Wa minibasi, wa basi, wa kabaza, bwenzi malire ake ali ziro. Ndipo musaiwale mlandu woyamba uja: ngakhale nambala isakwane 0.08, ngati zikuoneka kuti mowa ukukugwira, akhoza kukuimba mlandu.

Tsopano zilango. Anthu amakonda kufunsa kuti "faindi yake ndi zingati," ngati akufunsa mtengo wa thumba la simenti kuti aone ngati angakwanitse. Chindapusa ndi khomo loyamba chabe, ndipo ndi laling'ono pa onse. Ndikuuzeni mmene zimayendera, monga munthu amene analowa makomo onsewo.

Choyamba amakugwira, galimoto kapena njinga imatsala kupolisi. Ngati ndi ya abwana, foni yoyamba imene uimbe ndi imene ikuchotsa ntchito. Ugona m'chitokosi. Malamulo aakulu a dziko lino, Gawo 42, amati munthu womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, koma nthawiyo ikathera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, udikira tsiku loyamba la khoti. Ndiye womangidwa Lachisanu usiku awerenge yekha. Belo ya kupolisi ndi yaulere, zimenezo muzidziwe ndipo muziuza makolo anu. Kukhoti majisitireti akhoza kukulipiritsa chindapusa, kukutumiza kundende, kapena zonse ziwiri, ndipo akhoza kuimitsa layisensi yako kapena kukuletsa kuyendetsa kwa nthawi. Kwa munthu wa muofesi zimenezo ndi zosowetsa mtendere. Kwa ife amene chiwongolero ndiye khasu lathu, ndi njala. Layisensi zonse zili mu kompyuta za a Road Traffic, amene ofesi yawo mumaidziwa pa Ginnery Corner paja. Ndipo dzina likalowa m'mabuku a olakwa limakutsata. Tsiku limene udzafune ntchito yoyendetsa thiraki ya ku Beira kapena ku Dar es Salaam, kapena ya bungwe, akadzati bweretsani kalata ya kupolisi, udzakumbukira ukwati uja.

Milandu imabweranso ndi anzake. Mnyamata wa kabaza wogwidwa atamwa, kawirikawiri amapezekanso kuti alibe layisensi, njinga ilibe inshuwalansi, pasenjala alibe chipewa. Mlandu umodzi wabala ana atatu.

Munthu akavulala kapena akafa, nkhani yasintha mtundu. Gawo 126 la lamulo lomweli ndi la kuyendetsa mosasamala, ndipo milandu yambiri imene mumamva pa wailesi yoti dalaivala wapha munthu pamsewu imazengedwa pamenepo. Zikaipa kwambiri boma likhoza kutsegula Penal Code, Gawo 208, mlandu wopha munthu mosakonzekera, umene chilango chake chachikulu ndi kukhala kundende moyo wonse. Ndende ya Chichiri si kutali, mumaidutsa popita ku Limbe.

Ndiye pali khomo lina limene sitiliganizira: chipukuta misozi. Mlandu wa boma ukatha, wovulalayo kapena abale a womwalirayo ali ndi ufulu wosumira dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi. Inshuwalansi ili ndi pamene imalekeza, zotsalazo zimagwera inu. Ngati inshuwalansi panalibe, zonse ndi zanu. Ndipo amene ali ndi inshuwalansi yaikulu ija yolipira galimoto yako yomwe, awerenge timalemba ting'onoting'ono: kawirikawiri imakana kulipira galimoto yako ngati woyendetsa anali ataledzera.

Kwa ine zinatha chonchi. Ndinavomera mlandu. Chindapusa analipira ndi mayi anga, atagulitsa makina awo osokera, amene anatilerera tonse. Layisensi anaiimitsa. Ntchito inatha tsiku lomwelo. Kwa nthawi yaitali ndinkanyamula njerwa ndi mchenga pa maganyu a zomangamanga, ndipo ena a inu munandionapo, munangochita ulemu osafunsa.

Koma zimenezo ndi zanga. Mayi aja anagona ku Gulupu masabata ambiri. Ndinapita kukawaona kamodzi, mayi anga atandikakamiza, chifukwa ine ndinkaopa. Amene simunalowepo mu wodi ya anthu othyoka mafupa pa Queens, tsiku lina kalabu ino idzapiteko ndi sopo ndi shuga, mukaone nokha kuti ambiri ogona mmenemo ndi a msinkhu wanji ndipo anagwa pa chiyani. Mpamba wa mandasi unathera pa thiransipoti ya owadikirira. Mwana wawo wamkazi anajomba teremu yonse kusukulu kuti azisamala ang'ono ake. Palibe gawo la lamulo limene limawerenga teremu imeneyo. Sanandikalipire. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, changu chake chinali chani Lamulungu m'mawa?" Ndinalibe yankho. Panalibe changu. Ndimakumana nawo mpaka pano, amatsimphina, ndipo amayamba ndi iwo kupereka moni.

Wina anena kuti, "Achimwene, zonsezo zimatha ndi ya fanta pa rodibuloko." Sindinabwere kudzakunamizani kuti sizichitika. Koma dziwani kuti Corrupt Practices Act ya 1995 imagwira onse awiri, wolandira ndi wopereka. Ukalipira chindapusa chenicheni, tenga lisiti ya boma. Ndipo taganizani: amene wakulola kupitirira utamwa wakugulitsa chiyani? Wakugulitsa mtunda wotsalawo, kuchoka pamene wakuimika mpaka pamene ukagunde. Ine m'mawa uja ndikanakumana ndi wapolisi wouma mtima pa ulendo woyamba, bwenzi ndikumutukwana mumtima mwezi wathunthu, ndipo mayi aja bwenzi akuyenda bwinobwino.

Ngozi ikachitika, Mulungu aletse, lamulo limati ima, thandiza wovulala, ndipo ukanene kupolisi. Kuthawa ndi mlandu wina pawokha. Ndikudziwa chimene madalaivala amathawira, amaopa miyala, ndipo ine miyalayo ndinaiona ili m'manja mwa anthu. Ngati moyo uli pachiswe, lunjika ku polisi imene ili pafupi, osati kunyumba kwa amalume ku Lunzu. Ndipo inu amene mumakhala m'gulu la anthu othamangira pa ngozi, ntchito yanu yoyamba ndi wovulalayo. Nthawi imene mukuthamangitsa dalaivala ndi kufunafuna petulo wotenthera galimoto, munthu akutaya magazi pa tala. Ena ali kalikiliki kujambula kuti aike pa Facebook. Kumenya dalaivala ndi kutentha galimoto ndi milandu, ndipo amene amakagona m'chitokosi pa zimenezo ndi achinyamata ngati inu.

Oyenda pansi musadzione ngati angelo. Mu 2019 madokotala a pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mogwirizana ndi anzawo a ku Norway, anayeza mowa mwa anthu akuluakulu obwera kuchipatalako atavulala pa ngozi zapamsewu. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atamwa, ndipo gulu limene linatsogola silinali la madalaivala. Linali la oyenda pansi. Ndiye kusiya makiyi n'kwabwino, koma kudzandira pakati pa msewu wamdima utavala zakuda, kuchokera ku Chinseu kapena ku Kamba usiku, nakonso ndi njuga. Yendani awiri, yendani mbali yoyang'anana ndi galimoto zobwera.

Achemwali, ndilankhule nanu pang'ono. Ambiri a inu simumwa, koma mumakwera. Munthu wakutengani kokacheza ndi galimoto, wamwa usiku wonse, nthawi yobwerera mukuchita manyazi kukana chifukwa wakugulirani chakudya, kapena mulibe yobwererera. Musamachoke pakhomo opanda ndalama yanuyanu yobwerera, muibise pamene mumabisa paja. Ndipo kabaza amene mwaimikayo mulankhuleni kaye asanalize njinga, mufunseni mtengo muli pafupi. Mphuno yanu ndi breathalyser yaulere. Mukamva fungo, nenani kuti mwasintha maganizo. Akatukwana, atukwane. Chimodzimodzi mu minibasi: tikamva fungo timangotsinana n'kuyamba kupemphera chamumtima, aliyense kudikira kuti wina ayambe. Yambani inu. Mukangotsika awiri, ena amatsatira, ndipo kondakitala amamva chilankhulo cha mipando yopanda anthu kuposa ulaliki.

Kwa anzanga a chiwongolero ndi a kabaza, sindikuuzani kuti musiye mowa, imeneyo ndi nkhani ya inu ndi abusa anu kapena a shehe. Ndikudziwanso kuti kujomba tsiku limodzi ndi kutaya tageti, ndipo pa siteji pali anyamata khumi akudikira njinga yomweyo. Chimene ndikupempha ndi samu ija. Ngati mawa uli pamsewu 5 koloko, werenga chobwerera m'mbuyo maola khumi, uone kuti botolo lomaliza liyenera kukhala la nthawi yanji, ndipo ngati wamwa kwambiri maola khumiwo sakwana. Ngati ukwati ndi wa msuweni wako ndipo ukudziwa kuti supirira, konza wa ganyu Lachisanu, uuze abwana poyera. Tsiku limodzi la ganyu ndi lotchipa kuposa makina osokera.

Chomaliza ndi cha kalabu ino. Ndamva kuti mukusonkha za ulendo wa ku Mulanje kumapeto a chaka. Maulendo amenewa ndimawadziwa. Popita dalaivala amakhala bwinobwino. Mukafika, inu muli kumadzi, iye watsala pa galimoto maola asanu alibe chochita, ndipo nthawi zambiri amene amamugulira "kamodzi kokha ka adalaivala" ndi ife eni ulendo, pofuna kumusangalatsa. Kenako mubwerera madzulo, mdima, mwina chifunga, anthu makumi atatu akuimba kumbuyo. Ndikupempha kuti pa pangano ndi mwini basi mulembe kuti dalaivala samwa kuyambira dzulo lake mpaka atatitsitsa pa Mbayani, musankhe anthu awiri osamwa oti azikhala naye ndi kumugulira nsima ndi Fanta, ndipo muike padera ndalama yoti mukaona zokayikitsa mutha kuitana dalaivala wina. A mlembi, ilowe pa ajenda ya Loweruka likubwerali, musanapereke dipoziti.

 Amene muli ndi mafunso, ndilipo mpaka 5 koloko.